Kagalasi ka pa Khoma la Adona

Ndiyambe ndi mboni, chifukwa mbiri yanga kuno ku Mwanza ndimaidziwa. Anthu amati ine ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, munthu wanzeru amayamba watulutsa dzanja pawindo. Imeneyo ndi nsanje chabe. Komabe kuti tisakangane, mboni zanga ndi zitatu, zonse zamoyo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ndinaigulirako ngakhale nthochi.

Yoyamba ndi mmisiri wanga wamkulu, bambo wa kwa Nthache amene wandiyalira njerwa kwa zaka zambiri. Mkuluyu patsiku salankhula mawu opitirira anayi, ndipo awiri mwa mawuwo amakhala akuti "bweretsa matope", choncho malo oikapo bodza alibe. Yachiwiri ndi bambo wosintha ndalama pa chipata cha malire, amene ntchito yake ndi kusakhulupirira munthu aliyense kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Yachitatu ndi akazi anga. Amenewa chikwatiranireni sanandiikirepo kumbuyo ndi kamodzi komwe, ndiye akavomera kuti chinthu chinachitika, dziwani kuti chinachitika kawiri.

Ine ndine kontirakitala wamng'ono. Digiri yoyamba ya zomangamanga ndinaitenga kalekale, tsitsi lidakali lonse, ndipo kuchokera pamenepo ndamanga zimbudzi za m'masukulu, nyumba za aphunzitsi ndi timashopu tochuluka, moti mukayenda kuchokera pa Boma kukafika ku malire, mthunzi uliwonse umene mungapumirepo ndi wanga, kupatula wa mitengo. Koma ntchito zikuluzikulu zinkandilambalala. Ukapita kukapikisana nawo amayang'ana mapepala, ndipo mapepala anga anali opyapyala. Tsiku lina ntchito inapita kwa munthu wa madigiri awiri amene anafika pamalo omanga atavala nsapato zoyera, n'kufunsa mmisiri wanga ngati mchenga nawo umasasa ukakhalitsa. Ndinabwerera kunyumba n'kuuza akazi anga kuti nanenso ndikukatenga digiri yachiwiri, ya kayendetsedwe ka ntchito zomanga.

"Pa msinkhu umenewu, abambo?" anatero.

"Mutuwu udakali watsopano."

"Ee, poti simuugwiritsa ntchito kawirikawiri. Nanga thumba?"

Maphunzirowo anali a Loweruka ndi Lamulungu, ku Blantyre. Lachisanu lililonse masana ndinkakwera minibasi pa Boma simenti ili m'makutu. Anzanga a m'kalasi ankabwera pa magalimoto a makampani awo akununkhira mafuta a m'botolo. Ine ndinkanunkhira manachesi, chifukwa nyengo yake ikafika, mu minibasi ya ku Mwanza munthu amakhala mlendo, eni galimoto amakhala madengu. Mutu wonse wa kagawidwe ka nthawi ya ntchito ndinauwerenga buku litatsamira pamsana pa mbuzi, ndipo mbuziyo inkadikira ndimalize tsamba isanatembenuke. Sindikuwonjezera kalikonse. Koma m'kalasi ndinali munthu. Aphunzitsi akafunsa za konkire, anzanga aja ankatsegula malaputopu, ine ndinkangoyang'ana zikhatho zanga n'kuyankha, ndipo posakhalitsa kalasi yonse inazolowera kutembenukira kumpando wakumbuyo kumene ndinkakhala.

Tsoka langa linayambira m'phunziro la makontirakiti, chaka chachiwiri. Aphunzitsi ake, bambo wamfupi wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda, anatifotokozera chinthu chotchedwa ritenshoni. Anati pa ntchito zolongosoka mwini nyumba salipira zonse nyumba ikatha. Amasunga gawo limodzi mwa magawo khumi mpaka papite nthawi, nyumba iombedwe ndi dzuwa, inyowe ndi mvula. Ikapezeka ndi vuto lochokera kwa womanga, ndalamayo imakonzera vutolo. Ikakhala bwinobwino, womanga amalandira zake. Anzanga ankalemba akuyasamula, poti kumakampani kwawo zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku. Ine ndinatchera khutu. Ndinaona kuti ichi ndicho chimasiyanitsa womanga weniweni ndi womata matope: munthu wouza mwini nyumba kuti, sungani ndalama yanga, nyumbayo idzandilankhulira yokha. Ulendo wonse wobwerera ku Mwanza ndinakhala chowongoka ngati thabwa, ngakhale kuti pampando panali patakwana theka la ine.

Lolemba lake ndinali ndi msonkhano ndi Adona. Tonse pa malire timangowatchula choncho. Mayiwa analowa m'dziko muno ali kumsana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anayamba ndi kugulitsa mchere pa kachitsekero ka botolo, ndipo lero ali ndi mathiraki ndi nyumba zosungiramo katundu. Amawerengetsa m'zilankhulo zitatu ndipo sanalakwitsepo m'chilichonse. Ankafuna nyumba yosanja pafupi ndi chipata: pansi mashopu, pamwamba maofesi a anthu okonzera madalaivala mapepala a katundu. Mtengo tinali titagwirizana kale pakamwa, monga timachitira kuno, ndipo iwo anali okonzeka kumalipira ntchito ikamayenda mpaka tambala yomaliza. Vuto panalibe. Vuto ndinabwera nalo ine, m'chikwama, masamba khumi ndi anayi.

"Izi ndiye ziti, a mesitiri?" anafunsa. Ndi mmene amatchulira mmisiri kwawo kuja.

"Kontirakiti, Adona. Ntchito zamakono zimayenda chonchi."

Ndinawawerengera tsamba ndi tsamba. Titafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi anaika foni yawo pansi, chinthu chimene sachita ngakhale m'tchalitchi.

"Tabwerezani pamenepo."

Ndinabwereza, mokweza, kuti ndi antchito awo omwe amve.

"Ndiye kuti nyumba mwamaliza, makiyi mwandipatsa, koma ndalama yanu ina ikhale kwa ine mpaka mvula ithe?"

"Eya."

"Wakutumani ndani?"

"Palibe, Adona. Ndaziphunzira ku yunivesite."

"Sukulu imeneyo mumalipira?"

"Kwambiri."

"Musaisiye, a mesitiri. Ndi sukulu yabwino."

Anasaina mofulumira moti cholembera chinatentha. Ndinachita kuchilandira ndi mpango.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera akazi anga mmene ndabweretsera chitukuko ku malire. Iwo anatenga pensulo n'kuyamba kulemba kuseri kwa kalendala. Gawo limene ndinasiya kwa Adona linali lofanana ndendende ndi fizi yanga yomaliza, ndipo ndi ndalama yomweyo imene tinali titaiwerengera kale kuti idzatseke sukulu. Kwina koitenga kunalibe. Lamulo la sukulu nalo linali losakambirana: amene sanamalize kulipira pofika kumapeto kwa Meyi, dzina lake silituluka pa mndandanda wa ovala gauni, adikire chaka china n'kulipiranso ya kalembera.

"Ndiye kuti, abambo, sukulu yakuphunzitsani kutenga ndalama ya sukuluyo n'kukaisungitsa kwa munthu amene sanaiwalepo chenji chake m'thumba mwa aliyense."

"Nyumba yanga sing'ambika."

"Ikang'ambika, gauni mudzasoka ya matumba a simenti. Ulusi ndikupatsani."

Nyumbayo ndinaimanga ngati ndidzagonamo ndekha. Maziko tinakumba mpaka pamene piki inayamba kubwerera m'mwamba. Simenti ndi mchenga ndinkayeza ndi bokosi, osati ndi maso monga amachitira ena. Silabu, denga la konkire logawa pansi ndi pamwamba lija, tinalithirira madzi masabata anayi athunthu, moti amayi otunga madzi anaponda njira yawoyawo imene pano mumadutsa njinga. Mitengo yochirikiza silabuyo sinachoke tsiku lake lisanakwane, ngakhale Adona ankafuna kulowetsa katundu ndipo ootcha makala ankaisisita ndi maso podutsa. Tinamaliza dzuwa la Okutobala lili pachimake. Mmisiri wanga anaima patali, anaiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kunena kuti, "Yaima." Tsiku limenelo sanaonenso chifukwa cholankhulira.

Koma nkhani ya tsamba lachisanu ndi chinayi inayenda mofulumira kuposa ntchitoyo. Adona anaifotokoza kwa anzawo a bizinesi, anzawowo kwa azibale awo, ndipo pasanathe mwezi inali ndi dzina lachikuno: ndalama ya mvula. Aliyense womangitsa, ngakhale khola la nkhunda, anayamba kusunga ndalama ya mvula. Telala wa pa msika anasokera munthu suti, munthuyo n'kusungako pang'ono mpaka aone ngati ipirire ukwati woyamba. Wina anakwera kabaza kuchokera pa Boma, potsika n'kulipira moperewera, akuti zotsalazo mawa akaona mmene msana wadzukira. Wometa wina anadikira ndalama yake masabata atatu kuti tsitsi liyambe lamera, aone ngati lamera mowongoka. Kafunseni wosintha ndalama uja. Wometedwayo anali iyeyo.

Amisiri anzanga anasiya kundipatsa moni. Wina anandiloza pa msika anthu ali mbwee, n'kukuwa kuti, "Ndi ameneyu anakwera minibasi kukagula njala ku Blantyre n'kudzatigawira tonse!" Ine ndinangokonza kolala. Ukaphunzitsa boma lonse chinthu chatsopano, suyembekezera kuti akuombere m'manja chaka chomwecho.

Mvula inayamba, ine n'kusanduka mlonda wa nyumba ya eni. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito zina ndinkaizungulira, ndikugogoda makoma ngati dokotala pachifuwa cha wodwala. Mathiraki akamadutsa nthaka imanjenjemera, ndipo ine ndinkanjenjemera nayo limodzi. Disembala anadutsa, Januwale anadutsa, denga osadontha, chitseko osauma. Ndinali nditayamba kale kufunsa mtengo wobwerekera gauni.

Mu Febuluwale foni inalira. Anali Adona.

"A mesitiri, tabwerani. Nyumba yanu yatsegula pakamwa."

Unali kuseri, kunja kwa khoma la shopu yapakati: mng'alu woonda ngati ulusi, wotalika ngati mkono wanga, wotsika chowongoka. Adona anali ataikapo kale mpando, atakhala, kontirakiti ili pamiyendo itatsegulidwa pa tsamba lake lomwe lija.

Ming'alu ilipo ya mitundu iwiri. Ulipo wakufa, wa pulasitala chabe, umene umabwera n'kukhala mmene wabwereramo mpaka nyumba kukalamba. Ulipo wamoyo, wochokera ku maziko, umene umakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mwini nyumba amaona msewu ali pabedi. Wakufa ndi wa ndowa imodzi ya matope. Wamoyo ukanadya ndalama yanga yonse n'kupemphanso ina. Mmisiri wanga anauyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kundinong'oneza kuti, "Tipake." Ndi zimene womanga aliyense wa kuno akanachita: matope pang'ono, penti pamwamba, mvula n'kutha nkhani isanamveke. Koma Adona anamva, poti makutu awo amamva ndalama yachitsulo ikagwa ku Zobue, tsidya lina la malire.

"Mukapaka ndidziwa kuti mukubisa."

"Sitipaka," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Tiuyeza."

Kauyezedwe kake sindinkakadziwa.

Loweruka ndinawatsatira aphunzitsi a makontirakiti aja pa nthawi yopuma n'kuwaonetsa chithunzi cha mng'aluwo pafoni. Anandiuza njira yakale: kagalasi kopyapyala, ukamate mopingasa mng'alu, mbali iyi guluu, mbali iyo guluu. Khoma likasuntha ngakhale pang'ono bwanji, kagalasi kamasweka. Likapanda kusuntha, kamakhala.

"Nanga kontirakiti yotereyi pa ntchito yaing'ono ngati imeneyi, anakukakamizani ndani?" anafunsa.

"Ndinailemba ndekha, bwana, kuchokera m'zimene munatiphunzitsa."

Anandibwezera foni yanga.

"Zaka zonsezi ndikuphunzitsa, inu ndinu woyamba kundimvera."

Ndinawathokoza. Mpaka lero mawu amenewo ndimawatenga ngati oyamikira.

Galasi la mawindo ndi lochindikala. Lopyapyala mokwanira m'nyumba mwanga linali limodzi lokha, la pa felemu ya digiri yanga yoyamba. Ndinalichotsa akazi anga ali ku kwaya, n'kudulako kachidutswa ngati zala ziwiri. Lolemba tinakamata pamaso pa Adona n'kugwirizana momveka: kakasweka mvula isanathe, mng'alu ndi wamoyo ndipo ndalama ndi yawo, kakakhala, ndi yanga.

Pa malire pali anthu ambiri osowa chochita. Dalaivala akamadikira mapepala amatha masiku atatu akuyang'ana tayala lake lomwe. Atamva kuti kuseri kwa nyumba ya Adona kuli kagalasi kamene kanyamula digiri ya munthu, anayamba kubwera. Tsiku loyamba anali asanu, lachitatu anadzaza bwalo. Ankakhala pansi mwakachetechete n'kumakayang'ana ngati mpira wa pa kanema, ndipo wina akatsokomola mokweza ankatulutsidwa. Mayi wina anasamutsira mbaula yake ya chimanga pomwepo. Madalaivala a maiko akutali ankakajambula n'kutumiza kwawo. Wosintha ndalama uja anatsegula kubetcha, ndipo ukamufunsa mitengo ya tsikulo ankatchula itatu: kwacha, metikashi ndi galasi. Thiraki yolemera ikadutsa mtengo wa galasi unkatsika. Dzuwa likawala masiku awiri unkakwera.

"Inuyo mwabetcha mbali iti, achimwene?" ndinamufunsa.

"Ine sindibetcha, bwana injiniya. Ine ndimadya kwa onse."

"Koma mumtima mwanu mukuona bwanji?"

"Mtima ndimausiya kunyumba. Pano umangobedwa."

Mu Malichi kunagwa mvula ya masiku anayi osapuma. Zimbudzi zinatitimira. Mpanda wa njerwa wa tsidya la msewu, womangidwa ndi mnzanga wondinyoza pa msika uja, unagona pansi wonse ngati wauzidwa. Madzi anatenga mbaula ya mayi uja chimanga chikupsabe, ndipo anthu a kumunsi anadya chofunda. Itangodula ndinathamanga osavala nsapato. Ndinapeza khamu litafika kale, ndipo anthu anandipatsa njira ngati mkwati. Kagalasi kanali pomwepo, konyowa, kathunthu, kakunyezimira. Dalaivala wina wachikulire anavula chipewa. Tsiku limenelo ndinayenda kuchokera ku malire mpaka kwathu mapazi osagunda pansi, ndipo akazi anga angakuuzeni kuti ndi matope onse aja ndinalowa m'nyumba mapazi ali mbee.

Kumayambiriro kwa Epulo, m'mawa wina, ndinapeza bwalo lili zii ngakhale kuti linali lodzaza. Kagalasi kanali katasweka. Obetcha kuti kadzasweka anali atafola kale mzere kwa wosintha ndalama. Amisiri anzanga aja anabwera onse, n'kundipatsa moni kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu, moni wa pamaliro, wogwira dzanja ndi manja awiri.

Ndinagwada n'kukayang'anitsitsa. Khoma likasuntha, galasi limaduka mzere umodzi wotsata mng'alu. Aka kanali ndi nyenyezi pakati, timizere tikumwazikira mbali zonse, ndipo pansi pake panali kamwala kosalala ka mumtsinje, ka mtundu umene anthu amaponyera ndi legeni.

"Adona, ili ndi dzanja la munthu. Si khoma ayi."

Adona anawerama, anayang'ana, anatola kamwalako n'kukaika m'chikwama.

"Ndikuona, a mesitiri, sindine mwana. Koma galasi losweka silingaikire munthu umboni. Matani lina, ndilitchingira ndi waya, tiyambirenso. Miyezi iwiri."

Zinali zachilungamo, ndipo zinali zondipha. Miyezi iwiri kuchokera pamenepo inkakafika mu Juni, mndandanda wa gauni utatuluka kale.

Njira ina inalipo. Ndinkaidziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndivomere pano kuti ndinkaiopa: kugumula pulasitala n'kuona njerwa zenizenizo. Galasi limakupatsa masabata oti uzigona ndi chiyembekezo. Tchizulo imayankha pompo, pamaso pa anthu, ndipo ikayankha zoipa palibe kothawira. Ndinaganiza za maziko aja, za bokosi loyezera lija, za mabuku onse amene ndinawerenga nditapanikizidwa ndi madengu. Ngati zonsezo zinali zabodza, kunali bwino ndidziwiretu, ndisiye kunyenga anthu. Ndinatembenukira mmisiri wanga.

"Abambo, tengani tchizulo."

"Khoma langa latsopano?" anatero Adona.

"Ndikonza ndekha. Njerwa ikapezeka yong'ambika ngakhale imodzi, ndalama yonse ndi yanu lero lomwe, ndipo sukulu ndisiya."

"Mwamva nonse?" Adona anafunsa khamu. Onse anali atamva, mpaka a tsidya la chipata.

Mmisiri wanga anayamba kugogoda pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba pa mng'alu. Pulasitala inkagwa tizidutswa. Njerwa yoyamba inaoneka, yathunthu. Yachiwiri, yathunthu. Ine thukuta linali litadzaza m'nsapato. Atafika pa yachitatu tchizulo inalira mwachilendo, n'kutulukira kapaipi ka pulasitiki kodutsamo waya wa magetsi, kogonekedwa m'kangalande kosaya, kokutidwa ndi matope ochindikala ngati chikhadabo, amchenga okhaokha. Kapaipiko kanatsata mng'alu wonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pa pulani yanga panalibe paipi pamenepo.

Bambo wochita lendi m'shopu yapakati, amene anali kutsogolo kwenikweni akudya chimanga, anayamba kubwerera chambuyo.

"Imani pomwepo, akulu," anatero Adona osatembenuka n'komwe.

Bamboyo anaulula zonse. Ankafuna babu lakunja loopseza akuba, ndiye anaitana mlamu wake wodziwako za magetsi Loweruka lina ine ndili ku Blantyre. Anasema khoma, anaika paipi, anamata, anapaka penti yotsala, Lolemba ine n'kudzagogoda pambali pake n'kumapita.

Mmisiri wanga anagogoda njerwa ndi chala, anapukuta manja, n'kutembenukira khamu lonse.

"Khoma langa siling'ambika. Amene ali ndi mawu abwere aligunde ndi mutu."

Ndinawerenga: mawu khumi ndi limodzi. Sanalankhulenso mpaka Lachinayi. Madalaivala anathamangira ku mathiraki awo n'kuliza mahutala onse pamodzi, moti a ku Zobue anatumiza munthu kudzafunsa ngati kwafika mlendo wamkulu. Wosintha ndalama analengeza kuti poti kagalasi kanasweka koma khoma silinasunthe, palibe wapambana. Aliyense anabwezeredwa yake, kuchotsapo ya thukuta lake iye.

"Nyumba mwamanga, a mesitiri," anatero Adona. "Ndikuvomera pamaso pa anthu onsewa. Amene anaponya mwala ndimupeza ndekha."

"Zikomo, Adona. Nanga ndalama ija?"

Anatsegula kontirakiti, n'kuika chala pamene ndinalemba ndekha kuti mvula ikatha. Kenako anayang'ana kumwamba. Kunali kamtambo kamodzi, kukula kwake ngati bakha.

"Sinathe."

Masamba khumi ndi anayi onse aja, ndinali nditaiwala kuikamo tsiku.

Epulo anatha. Meyi analowa. Kafukufuku wanga anali atavomerezedwa, mayeso ndinali nditakhoza, ndipo kusukulu ankanditumizira mauthenga aulemu ondikumbutsa tsiku lotseka. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pa nyumba ija, Adona atakhala pakhonde, ine n'kuwapatsa moni, iwo n'kuloza kumwamba ndi chibwano. Kupempha sindinapemphe, munthu sungalembe lamulo ndi dzanja lako n'kukalilira pakhomo pa eni. Koma mitambo ndinadana nayo. Ndipo choopsa chinali kutsogolo: kuzizira kukayamba kuno kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kotha masiku, ndipo Adona akanakawerengera m'gulu la mvula, ndiye kuti mvula sikanatha mpaka ina itayamba. Akazi anga anasiya kundiseka. Ankangondiikira madzi osamba mwakachetechete, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa mng'alu.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, masana, ndili pakhonde, galimoto ya Adona inaima pakhomo pathu. Anatsika okha atanyamula jumbo yakuda yomanga pakamwa. Mphepo inali yozizira ndipo kum'mawa kunali kutachita mdima. Akazi anga anatuluka n'kuwapatsa mpando.

"Sindikhalitsa, mayi," anatero Adona. "Amuna anuwa pa ndalama ndi mwana, koma nyumba amaidziwa."

"Choyambacho ndinachiona tisanakwatirane," anayankha akazi anga. "Chachiwiricho ndimachidziwanso, kungoti sindiwauza. Angatupe."

"Atupe ndithu, ayenera. Anthu a maofesi apamwamba akulimbirana malo, akuti m'nyumba imene inayesedwa ndi tchizulo munthu amagwira ntchito mtima uli pansi." Anatembenukira kwa ine. "Ndinadikira kuti ndione ngati mudzabwere kudzang'amba tsamba lanu lija. Simunabwere. Chimanga chauma m'minda, a mesitiri. Kwa ine mvula yatha."

Anatambasula dzanja, jumbo ili lendelende pakati pa iwo ndi ine. Nthawi yomweyo pa malata panamveka kuti tho. Kenako tho, tho. Adona anakweza maso, dzanja lawo n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono.

Ndikulumbira pamaso pa aliyense wowerenga izi: chibadwire dzanja langa silinathamangepo choncho. Mmene dontho lachinayi linkagwa, jumbo inali kale m'malaya mwanga, nditaikumbatira ndi manja onse awiri, ndipo kulemera kwake kokha kunandiuza kuti inali yonse.